Makina odulira mitengo (chainsaw) otchipa amakwana ngati ntchito ndi ya pakhomo

Achimwene, mwafunsa ngati mugule makina odulira mitengo otchipa kapena okwera mtengo. Ngati ntchito yanu ndi kudula nkhuni ndi kusadza nthambi za mango mwa apo ndi apo, gulani otchipawo, akukwanirani. Koma ngati mukufuna kumagwetsa bulugamu ndi kucheka matabwa tsiku lonse, pirirani musonkhanitse ndalama mugule makina a kampani ya Stihl kapena Husqvarna.

Vuto lalikulu la makina otchipa ndi kusowa kwa zipangizo zosinthira. Anga ankadula bwinobwino mpaka kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya mu injini) itafa, ndipo ndinazungulira mashopu osapeza yolowa. Ndiye musanalipire, wogulitsa akuonetseni tcheni, pulagi ndi kabuleta za makina omwewo. Ngati alibe, asiyeni. Yesaninso buleki ya tcheni pomwepo, chifukwa ndi imene imakupulumutsani makina akadumphira kumaso.

Pa mafuta musamangoganizira. Stihl amati petulo ndi oilo wa 2-stroke zisakanizidwe 50:1 (magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oilo), pomwe ambiri otchipa amafuna 25:1, choncho tsatirani kabuku ka malangizo ka makina anu.

Mtengo waukulu wopendekera nyumba, chonde itanani katswiri wogwetsa mitengo. Ukakhala pafupi ndi mawaya a magetsi, muyambe mwadziwitsa a ESCOM.