Kodi Mulungu amamva munthu wongomukumbukira zinthu zikavuta?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare. Anali ndi tebulo lawo logulitsirapo ku msika wa Mbare Musika, ndipo moto wa mu Okutobala 2024 unapsereza katundu yense, wina wa ngongole. Mpaka lero sanadzukebe, kenaka bambo akunyumba apezeka ndi matenda a shuga. Alemba kuti: "Patha zaka 8 ndisanaponde kutchalitchi. Ndikati ndigwade ndimachita manyazi, ndimadziona ngati wachibale wongobwera akafuna ngongole. Kodi Mulungu angandimvere? Mnzanga akuti andiperekeze kwa mneneri wina, koma kumeneko akufuna madola 50 a mbewu, ndalama yopereka kuti andipempherere."

Mayi, pepani kwambiri. Ndiyambe ndi manyaziwo, chifukwa ndikuona kuti ndi amene akukutsekani pakamwa.

Makolo athu ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene amamudzudzula munthu ameneyo kuti bwanji sanatsekule dzulo pamene m'mimba munali bwino. Tsegulani Baibulo lanu pa Salimo 107, muwerenge lonse. Muli magulu anayi a anthu: osochera m'chipululu, omangidwa m'ndende, odwala mpaka kunyansidwa ndi chakudya, ndi amalinyero amene namondwe wawapeza pakati pa nyanja. Onsewa anafuula atathedwa nzeru, ndipo salimolo limabwereza kanayi kuti anapulumutsidwa. Awiri mwa magulu amenewa mavuto anachita kudziputira okha, koma sanafunsidwe kuti munali kuti masiku onsewa. Yona naye anapemphera ali m'mimba mwa chinsomba, atathawa dala. Inu simunathawe ngati Yona, munangotanganidwa ndi kusaka ya ufa ndi ya lendi, monga ambiri a ife muno mu Harare.

Chifaniziro chanu cha wachibale wangongole ndachimva, koma sichikukwana. Wachibale wotere amatopetsa chifukwa thumba la amene akupemphedwayo limatha, ndiponso chifukwa amabwera ndi bodza. Inu pitani ndi zoona. Nenani momwe mwandilembera inemu, kuti Ambuye, ndakhala nthawi yaitali osabwera, ndabwera lero chifukwa zandivuta. Anzathu Achishona amati mwana wosalira amafera mu mbereko, ndipo pamenepa ndimagwirizana nawo.

Ndikuuzeni za bambo anga. Anachokera ku Dedza ali mnyamata, anagwira ntchito pa fakitale ina ku Southerton muno mu Harare mpaka imvi, ndipo anali mkulu wa mpingo ku CCAP. Munthu wodziwa kupemphera: akayamba pemphero la chakudya, nsima inkazizira ife tikuyang'anizana. Itafika 2008, penshoni yawo yonse inasanduka ndalama yosakwana kugula buledi, ndipo kumayambiriro kwa 2009 tinaona pepala limodzi la ndalama la madola a Zimbabwe 100 thililiyoni. Usiku wina ndinawamva kuchipinda kwawo. Ndinkayembekezera pemphero lalitali lija, koma ankangoti, "Ambuye, mwaona. Ambuye, mwaona." Basi, kwa nthawi yaitali ndithu. Penshoniyo sinabwerere. Koma m'mawa mwake anadzuka, anatenga khasu, n'kupita kukalima kamunda kawo ka chimanga m'mbali mwa njanji, chinthu chimene anali atasiya kwa milungu ingapo.

Choncho musadikire kuti mupeze mawu okoma. Hana, mayi ake a Samueli, ankapemphera milomo yokha ikugwedera, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Mfumu Hezekiya atalandira kalata yoopseza yochokera kwa Asuri, anangopita nayo kukachisi n'kuitambasula pamaso pa Mulungu. Inunso mutha kutenga kabuku kanu ka ngongole ndi khadi la kuchipatala la bambo, n'kuziyala pa bedi, n'kunena kuti nazi. Mukapsa mtima, nenaninso zimenezo. Salimo 13 limafunsa kanayi kuti mpaka liti. Salimo 88 ndiye limathera mu mdima, lopanda ngakhale mzere umodzi woti zinthu zidzakhala bwino, koma amene anasonkhanitsa masalimo sanalichotse. Sindinalimvepo likulalikidwa pa guwa, ndipo ndimaona kuti abusa athu amatimana kanthu pamenepo.

Tsopano za madola 50. Musapereke. Sindikumudziwa mneneriyo ndipo sindikumuweruza mtima, koma ndalama imeneyo ndi ya mankhwala a bambo, kapena yoyambira kuodanso tomato. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamukalipira koopsa, muwerenge Machitidwe 8. Namani atachira khate, Elisa anakana kulandira kalikonse. Ndipo wina aliyense akadzauza bambo kuti asiye mankhwala a shuga chifukwa awapempherera, tulukani pomwepo. Shuga akamulekerera amawononga maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. Apemphere ndithu, koma tsiku la kukiliniki asaliphonye.

Sindikulonjezani kuti mukapemphera katundu abwerera. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, sunachoke. Yesu mwini wake ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire. Nkhani imene ndimaikonda ndi ya Eliya, pa 1 Mafumu 19. Anathawira m'chipululu, anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mngelo sanabwere ndi ulaliki. Anamupatsa mkate ndi madzi, anamusiya agone, kenaka anamudzutsanso kuti adye kachiwiri chifukwa ulendo unali wautali. Ndikukayikira kuti inu mukudya bwino ndi kugona bwino masiku ano, mayi.

Chomaliza n'chakuti musapemphere nokha mpaka kalekale. Agogo athu atabwera kudzagwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero), m'mafamu ndi m'migodi, anali alendo opanda munda kapena mfumu, ndipo chimene chinawasunga ndi kusonkhana, kuimba m'chilankhulo chawo ndi kuikana m'manda. Mpingo wa CCAP muno unayamba choncho, potsatira anthu a ku Nyasaland (Malawi ya lero), ndipo unakhala sinodi payokha mu 1965. Simunandiuze mpingo wanu, koma kaya ndi umenewu, kaya wa Katolika, kaya wina, muli amayi amene anakuonani mukukula. Lamulungu likubwerali pitani mukakhale benchi lakumbuyo. Mwina wina adzaponya mawu akuti mwasowatu, muyankhe kuti eya, ndinasowa. Mapemphero akatha, pezani mayi mmodzi wachikulire amene mumamukhulupirira, mumuuze za bambo, ndi kuti abwere ndi anzake kunyumba tsiku lina mkati mwa sabata. Mudzandilembere kuti shuga wa bambo akuwerenga bwanji.