Subframe yang'aluka: kodi aiwotcherere ili pagalimoto pomwepo?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 36. Ali ndi BMW 325i ya 1989, ija ya E30, imene anawasiyira malemu bambo awo. Akuti masiku ano akamakwera bampu kutsogolo kumamveka "gu!", ndipo akaponda mafuta mwamphamvu injini imachita ngati ikufuna kunyamuka pamalo pake. Makaniko wawo atalowa kunsi anapeza mng'alu pa subframe (chitsulo chopingasa cha kunsi kutsogolo chimene chimanyamula injini), pamene pamakhala mounting, labala limene injini imakhalapo. Wowotcherera wina wawauza kuti ndi kantchito ka theka la ola: kukweza galimoto pa jeke, kumatapo angle iron, basi. Ndiye akufunsa kuti, "Ndilole kodi, kapena ndisake ina?"

Achimwene, musalole. Subframe imawotchereredwa ndithu, ndipo ikakonzedwa bwino imalimba kuposa mmene inachokera kufakitale. Koma iyenera kutsika kaye pagalimotopo.

Taganizani katundu amene chitsulo chimenechi chasenza. Pa E30 chimagwiridwa ndi mabawuti anayi okha kumiyendo ya chassis, koma pamwamba pake pakhala injini ya masilinda 6, steering rack yokhotetsa mawilo yamangidwa pomwepo, ma ball joint amkati a ma control arm, mikono yogwira mawilo, alowa momwemo, ndiponso stabiliser, chitsulo choletsa galimoto kupendekeka pokhota, yagwira pomwepo. Si chitsulo chochindikala ngati njanji ayi. Ndi mapuleti opyapyala opindidwa ndi kulumikizidwa, mkati muli mphako. Malo ake ofooka ndi odziwika kwa aliyense amene wasewera ndi galimoto zimenezi: timakutu ta mounting ya injini, timakutu ta stabiliser, ndi pamene pamagwira rack. Galimoto yanu yadutsa zaka 30, ndipo maenje a m'misewu yathu nyengo ya mvula simukusowa kuti ndikufotokozereni.

Ineyo ndinagwapo m'mbuna imeneyi. Zaka zapitazo yanga inang'aluka malo omwewo, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndinalola mnyamata wina kuiwotcherera ili pagalimoto. Anagona chagada pakatoni, rod m'manja, moto ukumugwera pachifuwa. Anafikira mbali yakunsi yokha, pamwamba pomwe mng'alu unayambira panali potchingika ndi injini. Anapsereza labala la rack, ndipo chitsulocho poti chinali chitamwa oyilo kwa zaka, weld yake inatuluka ya timabowo ngati mkati mwa buledi. Mvula isanathe, mng'alu unatulukiranso pambali penipeni pa chigambacho, wautali kuposa poyamba. Mnyamatayo sindimamuda. Mageti ndi ma burglar bar amawotcherera mwaluso, koma makina a rod pachitsulo chopyapyala amaboola m'malo molumikiza, makamaka munthu akamagwira ntchito mutu uli pansi.

Kutsitsa subframe sikufuna kuchotsa injini. Makaniko amaika chitsulo chopingasa pamwamba, n'kuikoleka injiniyo kuti ilendewere, kenako amamasula ma mounting, rack, ma control arm ndi stabiliser. Galimoto ikhale pa ma stand olimba, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Ikatsika, itsukeni mpaka chitsulo chioneke. Apa ndi pamene mudziwe ngati ingakonzedwe kapena ndi yofunika kutaya. Ipakeni palafini malo onse okayikitsa, dikirani pang'ono, pukutani mpaka iume, kenako thirani ufa wa choko cha kusukulu. Palafini amene analowa mumng'alu amabwerera kunja n'kujambula kamzere kakuda pachokopo, ngakhale mng'alu uli wochepa ngati tsitsi. Musadabwe mukapeza iwiri kapena itatu pamene makaniko anaona umodzi. Mukatero igogodeni ndi kahamala paliponse. Chitsulo chamoyo chimalira "ngwe", chodyedwa ndi dzimbiri chimangoti "phu". Kuno sitithira mchere m'misewu ngati ku UK, choncho E30 zambiri zimene zinabwera kuchokera ku South Africa, kumene ankazilumikiza ku Rosslyn, kunsi kwake kumakhala bwinoko. Mdani wathu ndi matope ofiira aja: amalowa m'mphakomo, n'kusunga chinyezi mpaka mwezi wa June, dzimbiri likudya kuchokera mkati.

Yesaninso ngati sinapindike. Iikeni pamalo osalala, muyeze ndi tepi mopingasa, kuchokera pabowo lakutsogolo kumanzere kufika lakumbuyo kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi ifanane. Onaninso mabowo a ma ball joint ngati sanakule n'kukhala ngati dzira. Ikakhala yopindika, kapena hamala yabowola, musavutike nayo. Zungulirani ku Biwi ku Lilongwe mukasake ina, kapena funsani anthu amene amapita ku Johannesburg. Koma yogulayo nayonso ndi nkhalamba, ilandire palafini ndi choko musanalipire.

Ngati ili yowongoka ndipo chitsulo n'chamoyo, ntchito yake ndi iyi. Kumapeto kwenikweni kwa mng'alu aboolepo kabowo kakang'ono, ka mamilimita atatu, kuti mng'aluwo usapitirire. Aupale ndi grinder ukhale ngati kangalande, ndiyeno awotcherere ndi MIG (makina a waya, osati a rod), kachigawo kakang'ono, n'kusiya kuti pazizire, n'kulumphira kwina. Akathamanga mzere umodzi wautali kutentha kumakoka chitsulo, ndipo mudzapeza mabowo sakukumananso ndi mabawuti. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayamba aimangirira pachitsulo cholimba asanayatse makina. Musalole kuti athirepo madzi pofuna kuziziritsa msanga.

Chigamba chimabwera pambuyo, mng'alu utatsekedwa kale. Pano ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, poganiza kuti chochindikala ndiye cholimba. Subframe imagwedera pang'ono galimoto ikamayenda. Mukamatapo angle iron, malo amenewo amauma gwa, ndipo kugwedera konse kumasamukira m'mphepete mwa chigambacho, ndiye pamene panang'alukiranso yanga paja. Puleti likhale lofanana kapena loposa pang'ono chabe chitsulo chimene lilipo, mamilimita awiri kapena atatu, lodulidwa motsatira kapangidwe ka malowo, makona ake ozungulira. Dulani kaye pakatoni ya sopo, muyese, kenako mujambule pachitsulo. Ndipo poti yatsika kale, limbitsani mbali zonse ziwiri pamodzi ndi timakutu ta stabiliser, ngakhale sitinang'aluke.

(Eni a Mini yakale amene mukuwerenga: nkhani yanu ndi yosiyana pang'ono. Subframe yanu yakutsogolo kawirikawiri imatetezedwa ndi oyilo wodontha ku injini, imene imaola ndi yakumbuyo. Zakutsogolo za kuyambira 1976 zinakhazikidwa pa malabala, ndiye "gu" wanu yambani mwamusaka kumeneko.)

Tsopano chimene chinaing'alula. Zimene mwanena zoti injini imanyamuka zikundiuza kuti mounting imodzi inaduka kalekale, ndipo injini yakhala ikumenya kakhutu kaja ngati hamala. Gulani zatsopano zonse ziwiri, muonenso za gearbox. Ngati oyilo akudontha, mutsekeni, chifukwa ndi amene amafewetsa malabala. Pobwezeretsa, pakani penti kunja, mkati mupoperemo wax kapena oyilo wokhuthala, ndipo timabowo totulutsira madzi tisatsekedwe. Mabawuti anayi aja akhale atsopano, a giredi yofanana ndi nambala yolembedwa pamutu pa akalewo, osati a mu hardware omangira denga, ndipo amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Mukachoka pagalaja, ulendo woyamba ukhale wa ku alignment.

Pakadali pano galimotoyo iimikeni kaye pakhomo, chifukwa rack yanu yagwira pachitsulo chomwecho. Mukathira choko, munditumizire zithunzi za pamene pamamangidwa rack, mbali zonse ziwiri, ndione ngati napo sipanayambe.