Miyezi 14 pa rimandi ku Zomba: kodi kalata ya Ambuye Bishopu ingamutulutse?

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndiibwereze mwachidule kuti ena amene asenza mtolo wonga wanuwu atolepo kanthu. Mukuti muli m'komiti ya Chilungamo ndi Mtendere pa parishi ina ya m'dayosizi ya Zomba, ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse mumapita kundende yaikulu ya Zomba ndi sopo, mchere ndi usipa. Kumeneko kuli mnyamata wa mumphakati wanu, mwana wa mayi wamasiye. Chaka chatha gulu la anthu kumudzi kwawo linamenya munthu woganiziridwa kuti waba mbuzi, munthuyo n'kumwalira, ndipo apolisi atafika anatola anyamata atatu, mmodzi ndi iyeyu. Kwa majisitireti anaonekerako kamodzi kokha. Tsopano yatha miyezi 14 ali pa rimandi, tsiku la mlandu osamveka. Mwafunsa zitatu: ngati Ambuye Bishopu angalembe kalata yomupemphera chikhululukiro, ngati mupereke K300,000 imene bambo wina akuti ndi "ya belo", komanso ngati n'kwabwino kuti inu ndi bambo mfumu mukakambirane ndi banja la malemu kuti nkhani ithere kumudzi.

Za chikhululukiro zisiyeni kaye. Gawo 89 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa Pulezidenti mphamvu yokhululukira anthu amene khoti linawapeza olakwa. Mnyamata wanuyu palibe khoti lamupeza wolakwa, ndipo gawo 42 likuti mpaka litamupeza, iye ndi wosalakwa. Ndiye mumupemphere chikhululukiro cha chiyani? Chimene akusowa si chifundo cha munthu wamkulu ayi. Akusowa munthu woti atenge masiku amene wakhala m'ndende, awaike pamaso pa jaji, n'kufunsa kuti bwanji lamulo silinatsatidwe.

Lamulo lake lilipo, ndipo ndi lomveka. Mu 2010 aphungu anasintha lamulo la kayendetsedwe ka milandu, la Criminal Procedure and Evidence Code, n'kuikamo malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe. Pa milandu wamba yozengedwa kwa majisitireti malire ndi masiku 30. Pa milandu ikuluikulu, monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, gawo 161G likuti masiku 90. A boma akaona kuti sanakonzeke, ayenera kupita kukhoti masikuwo asanathe kukapempha owonjezera, ndipo khoti silingawonjezere kuposa masiku 30. Werengani nokha, amayi: 90 ndi 30, miyezi inayi imeneyo. Mnyamata wanu wapyola malirewo ndi miyezi khumi.

Koma ndisakunamizeni. Kutha kwa masikuwa sikutsegula chitseko cha ndende pakokha, ndiponso sikufafaniza mlandu. Gawo 161I likungoti masikuwo akatha khoti lingathe kupereka belo, kaya mwa lokha, kaya litapemphedwa ndi woimbidwa mlanduyo kapena womuimira. Apa ndi pamene anthu ambiri amagonera m'ndende zaka: khoti lingathe, inde, koma palibe amene walikumbutsa kuti munthuyu aliko. Fayilo ilibe miyendo.

Popeza mlandu ndi wakupha, belo yake sangapereke apolisi kapena majisitireti. Imapemphedwa ku Khoti Lalikulu, ndipo mwayi wanu ndi woti khotilo lili pompano pa Zomba, simukwera minibasi ya ku Blantyre. Pempho limalembedwa ndi loya pamodzi ndi chikalata cholumbira chofotokoza tsiku limene munthu anamangidwa, kumene amakhala, chimene amachita, ndi amene angamuimire. Ndalama za loya mulibe, ndikudziwa. Pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya ku Zomba; bungweli linakhazikitsidwa ndi boma kuti liziimira anthu osauka, ndipo milandu yakupha ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Maloya ake ndi ochepa, mafayilo ndi mulu. Amene wabwera ndi mapepala okwanira ndiye amathandizidwa msanga. Funsaninso kundende komweko za alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene amalowa m'ndende n'kumalemba mayina a anthu okhalitsa pa rimandi. Dzina la mnyamatayo lilowe m'buku lawo.

Ena adzakuuzani kuti "wakupha sapatsidwa belo". Zimenezo ndi zakale. Gawo 42 la malamulo aakulu lija likuti munthu womangidwa ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Pa mlandu wa Mvahe wa mu 2005, khoti la Supreme linanena kuti ndi a boma amene ayenera kusonyeza chifukwa chomusungira munthu, osati womangidwayo kuchita kugwada. Jaji amayang'ana zinthu zingapo: kodi athawa, kodi akasokoneza mboni, kodi akatuluka avulaza wina kapena avulazidwa iyeyo, kodi kumudzi kubuka chipwirikiti. Pa nkhani ya gulu lomenya munthu, funso lomalizali limalemera. Ganizirani tsopano m'bale wa kutali pang'ono, kaya ku Domasi kaya ku Namadzi, amene angamusunge mpaka mlandu utatha, ndipo muuze loya kuti malowo alipo.

Ntchito yeniyeni ya mphakati wanu ili pa anthu omuimira. Khoti kawirikawiri limafuna awiri, odziwika kumene amakhala, okhala ndi chiphaso cha unzika, ndipo amafunsidwa mafunso asanavomerezedwe. Ndaonapo ndi maso anga jaji atapereka belo Lachiwiri, munthu n'kukhalabe m'ndende milungu ina isanu chifukwa amalume ake analibe ya minibasi, ndipo atafika anapezeka kuti chiphaso anaiwala m'thumba la jekete kunyumba. Chopereka chanu chipite kumeneko. Koma omuimirawo auzidwe zoona: mnyamatayo akathawa, ndalama imene anasainira idzafunidwa kwa iwo.

Tsono za bambo wa K300,000 uja. Musamupatse ngakhale tambala. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ya kukhoti, ngati jaji walamula ndalama, amatchula yekha kuchuluka kwake m'khoti, imalipidwa ku ofesi ya khoti, mumalandira lisiti, ndipo imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthu sanaphwanye malamulo a belo. Pano palibe jaji amene walamula kanthu. Ndalama yoperekedwa pansi pa mtengo kunja kwa khoti dzina lake ndi chiphuphu, ndipo lamulo limagwira wopereka yemwe.

Funso lanu lachitatu ndi limene landidetsa nkhawa, chifukwa ndikudziwa kuti likuchokera mumtima wabwino. Kuyanjanitsa anthu ndi ntchito ya mpingo, sindikutsutsa. Koma mlandu wakupha si wa banja la malemu, ndi wa boma. Ngakhale banjalo litalandira chipepeso n'kunena kuti lakhululuka, amene angathetse mlandu ndi mkulu woimira boma pa milandu, DPP, kapena khoti. Choopsa n'chakuti ena a m'banjamo ndi mboni. Mukapita ndi bambo mfumu kukakamba za mlandu, tsiku la belo woimira boma adzaimirira n'kunena kuti abale a woimbidwa mlandu ayamba kale kuyendera mboni, ndipo belo idzagwera pomwepo. Kukapepesa maliro, kukapemphera nawo, kuwathandiza chimanga, zimenezo chitani, iwonso anataya mwana. Za amene anaona chiyani usiku umenewo, musazikhudze. Chimodzimodzinso mukamacheza ndi mnyamatayo: musamufunse kuti "unamumenya nawo kodi?" Zimene angauze loya wake ndi zachinsinsi mwalamulo. Zimene angauze inu pamalo ochezera, asilikali a ndende ali chapafupi, inu mukhoza kuitanidwa kudzazinena m'khoti.

M'kalata mwanu muli mawu amodzi amene mwangowadutsa: mwati mnyamatayo ali ndi zaka "ngati 19". Ngati 19 lero, miyezi 14 yapitayo anali ndi zingati? Kuyambira 2017 malamulo aakulu akuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mwana ali ndi njira yakeyake ya mlandu pansi pa lamulo la ana la 2010, komanso sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu. Apa mpingo uli ndi chimene maloya ambiri alibe: kaundula wa ubatizo. Pemphani akatekisi atsegule buku la parishi. Ngati anabatizidwa ali khanda, tsiku lobadwa lili mmenemo, lolembedwa ndi dzanja la wansembe kalekale nkhaniyi isanalotedwe. Tengani kalata yotsimikizira yodindidwa chidindo cha parishi, muphatikize ndi buku la kusikelo ngati mayi ake analisunga. Kalata ya mpingo imene ingagwire ntchito m'khoti ndi imeneyo.

Mwadandaulanso kuti wawonda ndipo akutsokomola. Gawo 42 lomwelo likuti aliyense wosungidwa, wa pa rimandi ndi wogamulidwa yemwe, ayenera kupatsidwa chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala pa ndalama za boma, ndipo ali ndi ufulu wochezeredwa ndi abale, dokotala, ndi mlangizi wa chipembedzo chake. Kuchezera kwanu kuja si chisomo cha munthu, ndi ufulu wake. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kukuphwanya malamulo aakulu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Inu mumalowamo mwezi ndi mwezi, mukudziwa nokha pamene tafika. Pemphani kwa mkulu wa ndende, molemba, kuti ayezedwe chifuwa chachikulu, ndipo zotsatira zake zipite kwa loya. Matenda amawerengedwa nawo pa belo.

Sindikuti Ambuye Bishopu alibe mbali. Ine ndinali mnyamata pa 8 Malichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, ndipo mwa zina inadzudzula kusunga anthu m'ndende osawazenga mlandu. Patangopita zaka ziwiri tinali ndi gawo 42. Liwu lotero limasintha malamulo, ndipo ngati komiti yanu italemba mayina ndi masiku a onse opyola malire amene mumakumana nawo, n'kupereka ku ofesi ya Chilungamo ndi Mtendere (CCJP) ya dayosizi, mndandanda umenewo ungafike kwa majaji, amene nthawi zina amakakhazika khoti m'ndende momwemo kuti amve za anthu okhalitsa. Anzake awiri aja musawaiwale pa mndandandawo.

Loweruka likubwerali tengani kope ndi cholembera. Mumufunse tsiku limene anagwidwa, polisi imene inamugwira, tsiku limene anaonekera kwa majisitireti, ndiponso ngati anauzidwa kuti mlandu wake watumizidwa ku Khoti Lalikulu. Akaiwala, pemphani ku ofesi yolandirira akaidi kuti akuwerengereni nambala ya mlandu ndi tsiku lomaliza lolembedwa pa chikalata chomusungira, chimene amachitcha waranti. Lolemba m'mawa mupite nazo ku Legal Aid pamodzi ndi mayi ake, kalata ya ubatizo ili m'manja.

Ine wanu,
Loya, Zomba