Kusisita ndi kuthowa mayi odwala sitiroko

Achemwali a ku Khombedza, pepani ndi matendawo. Mwafunsa ngati kusisita ndi kuthowa kungathandize mayi anu, amene anagwidwa ndi sitiroko mwezi watha, mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira ntchito, komanso ali ndi shuga. Kusisita kumathandiza ndithu, koma kuli ndi polekezera. Sitiroko imavulaza ubongo, osati mnofu, ndiye kusisita pakokha sikungadzutse mkono. Ntchito yake ndi kuchepetsa ululu, kufewetsa minofu youma, kuphwetsa kutupa kwa zala, ndipo wodwala amapezako tulo. Chodzutsa chiwalo ndi kuchiyendetsa tsiku ndi tsiku, makamaka m'miyezi itatu yoyambirirayi.

Pakani m'manja mwanu timafuta tophikira kapena Vaseline pang'ono. Sisitani ndi chikhatho, osati ndi nsonga za zala, kuyambira kuzala zawo kukwera chakuphewa, kwa mphindi ngati 10. Mukatero pindani ndi kuwongola zala, chigongono, bondo ndi kakolo, chilichonse maulendo 10, m'mawa ndi madzulo. Akangoti "mayo", lekerani pomwepo. Maso awo azikhala pa chiwalocho, nawonso aziyesa kuchisuntha ngakhale chisakumvera.

Pamene anthu ambiri amawonongera ndi paphewa. Minofu yogwira phewa ikafooka, fupa la mkono limatsika pamalo pake, ndiye wina n'kuwadzutsa powakoka mkono womwewo. Ululu wake umatenga miyezi. Powadzutsa agwireni kumsana ndi m'chiuno. Akakhala pampando mkono uzitsamira papilo, usamalendewere, ndipo musaukweze kupitirira phewa a fiziyo (achipatala ophunzitsa kuyendetsa ziwalo) asanakuonetseni kagwiridwe kake.

Zothowa ndi madzi otentha ine sindingakulimbikitseni. Shuga ndi sitiroko zonse zimabweretsa dzanzi, munthu amapsa osamva, ndipo bala la wodwala shuga limavuta kupola. Ngati muthowe, madzi akhale ofunda chabe, muyambe mwawayesa ndi chigongono chanu. Achibale akabwera ndi nzeru ya mphini, akanizeni mwaulemu pa chifukwa chomwechi. Pakati pa zala zakuphazi pasapite mafuta, pazikhala pouma.

Mukaona katumba wa mwendo umodzi watupa, akutentha kapena kuwawa, musamukhudze n'komwe. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kusisita kungasunthe chibulumacho n'kukatseka m'mapapo. Thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi khungu likasintha mtundu kapena kutentha pafupa la m'chiuno, kumatako kapena kuchidendene: chimenecho ndi chiyambi cha chilonda cha pabedi, ndipo kutikita kumangochikulitsa. Atembenuzeni pa maola awiri aliwonse. Ndi kutentha kwa ku Salima kuno thukuta limanyowetsa khungu msanga, choncho chitenje chogonera chizikhala chouma, chopanda makwinya.

Musanapatse ndalama aliyense wodzitcha katswiri wosisita, pitani nawo kuchipatala chachikulu cha boma ku Salima mukafunse a fiziyo. Vuto likakhala lalikulu amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Apite amene amakhala nawo usana ndi usiku, akaone ndi maso, ndipo ngati achipatala alola ajambule pafoni. Mankhwala a BP ndi a shuga asadukize ngakhale tsiku limodzi, chifukwa BP ikakweranso sitiroko imatha kubwereza.