Wokuyang'anirani pa PhD sangakuyankhireni pa viva ku Britain

Achemwali, mwafunsa ngati wokuyang'anirani angakuthandizeni pa viva, mayeso apakamwa omaliza a PhD. Munthu amene wakhala akukuyang'anirani pa kafukufuku wanu wa PhD sakhala m'gulu la okuyesani pa viva, ndipo ngakhale mayunivesite ambiri a ku Britain amamulola kulowa m'chipindamo inu mukavomera, amangokhala chete osaloledwa kuyankha funso lililonse m'malo mwanu. Kawirikawiri okuyesani amakhala awiri: mmodzi wa pa yunivesite yanu yomweyo ndi wina wochokera ku yunivesite ina amene ndi katswiri pa nkhani yanuyo. M'mayunivesite ena pamakhalanso wapampando woonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa.

Cholinga cha mayesowa ndi kutsimikiza kuti ntchitoyo ndi yanu ndiponso kuti mukhoza kuiteteza nokha. Pa viva yanga, woyesa wochokera kunja anatsegula tsamba la thesis yanga (buku la kafukufuku wanga) limene anali atalipinda pakona, nandifunsa chifukwa chimene ndinasankhira njira ija yofufuzira osati ina, ndipo tinakhalitsa pa tsamba limenelo kuposa pa mutu wonse womaliza. Choncho mutenge thesis yanu yosindikiza, mutaikamo timapepala m'malo amene mukudziwa kuti ndi ofooka, pakuti zimenezi n'zololedwa.

Ambiri amapambana koma amauzidwa kuti akonze zina zochepa, nthawi zambiri m'miyezi itatu. Popeza malamulo amasiyana, funsani ku ofesi yoona za ophunzira a PhD pa yunivesite yanu. Ngati muli pa visa ya ophunzira, kaonaneni ndi mlangizi wa za visa tsiku la viva lisanafike, chifukwa nthawi yokonzayo ikhoza kupitirira tsiku limene visa yanu ikutha.