Thiraki ikaima pa chipata, dalaivala amalipidwa ndani?

Mayi wina wa ku Chinamwali muno mu Zomba alemba kuti mwana wawo, amene ali ndi laisensi ya EC yoyendetsera mathiraki akuluakulu okoka ngolo ndi chilolezo cha PrDP chogwirira ntchito ya udalaivala, waitanidwa ndi makampani awiri a mathiraki. Yoyamba ikulonjeza malipiro apamwezi okwererako ndi alawansi yochepa ya panjira, pamene yachiwiri ikupereka malipiro apamwezi otsika koma ndalama zambiri pa ulendo uliwonse wa ku Beira ku Mozambique. Mtima wa mnyamatayo uli pa yachiwiri, ndipo mayiwo akufunsa ngati akulondola.

Mayi, mwana wanuyo akuwerengera masiku amene galimoto ikuyenda, koma ine ndikadakonda awerengere masiku amene yaima. Thiraki imatha kukhala pamzere pa chipata cha Mwanza ndi Zobue, m'malire a Malawi ndi Mozambique, kudikira mapepala a katundu, imadikiranso kupakira ku doko la Beira, ndipo nthawi zina imagona m'galaja kudikira chitsulo chimodzi chokha. Munthu wolipidwa pa ulendo sapeza kanthu masiku onsewo, chonsecho akugula nsima, madzi osamba ndi mayunitsi a foni m'dziko la eni. Choncho afunse kuti mathiraki a kampaniyo amayenda maulendo angati pa mwezi, ndipo yankho lenileni akalipeza kwa madalaivala amene ali kale pantchito, osati kwa bwana wolemba ntchito.

Alawansi si malipiro, chifukwa yambiri imathera panjira. Afunsenso ngati imaperekedwa m'makwacha kapena m'madola, pakuti pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankanyamula makwacha n'kukasintha ku malire anaona ndalama yomweyo ikugula zochepa kwambiri ku Tete.

Pali nkhani ina imene achinyamata amaiona ngati ya madala, ndiyo penshoni. Lamulo la penshoni limati olemba ntchito aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, kutanthauza kuti pa K100,000 iliyonse ya malipiro owerengeredwa penshoni, K15,000 imasungidwa m'dzina lake mwezi ndi mwezi. Alawansi ya ulendo kawirikawiri silowa m'chiwerengerochi, motero kampani ya malipiro apamwezi otsika imamusungira zochepa ngakhale thumba likuoneka lodzaza lero. Ngakhale kubanki, akadzafuna ngongole yogulira puloti, adzayang'ana peyisilipi osati alawansi.

Ndiye pali zodula. Makampani ena amadula malipiro a dalaivala ngati dizilo watha kuposa muyeso umene anaika, ngati tayala laphulika, kapena ngati thiraki yonyamula mafuta yafika mafuta atapereŵera. Munthu akhoza kubwera kuchokera ku ulendo wa masabata awiri n'kuuzidwa kuti ndiye ali ndi ngongole ku kampani. Zonsezi zilembedwe mu kontirakiti asanasaine, pamodzi ndi za chithandizo akavulala kapena kudwala kunja.

Boma limaika malipiro ochepetsetsa a madalaivala a mathiraki akuluakulu padera ndi a antchito ena, kotero apite ku ofesi ya zantchito ya boma muno mu Zomba akamve chiwerengero chimene chikugwira ntchito panopa. Malinga ndi zimene mwalongosola, ine ndikadasankha kampani yoyamba, pokhapokha yachiwiriyo itavomera kulemba kuti idzamulipira tsiku lililonse lodikira pa malire ndi ku doko.