Anatula maikolofoni ali ndi zaka 21

Amalume,

Ndimatsuka mbale pa lesitilanti ina ya sushi ku Rosebank, kuno ku Joni. Wophika wamkulu ndi bambo wachikulire wa ku Japan, ndipo tikatseka usiku amatiikira nyimbo za mayi wina dzina lake Yamaguchi Momoe. Akuti mayiyu anasiya kuimba ali ndi zaka 21, anthu akumufunabe. Nditawafotokozera anzanga mu takisi, ena akuti anachita kuletsedwa ndi mwamuna, ena akuti mawu anatha. Zoona ndi ziti? Munthu angasiye bwanji ndalama zikulowa?

Mphwanu wa ku Turffontein

Mphwanga,

Bamboyo sakukunamiza, ndipo zoti mawu anatha uzisiye mu takisi momwemo.

Momoe anabadwa mu Januwale 1959, nakulira ku Yokosuka, mzinda wa ku Japan, m'manja mwa mayi ake okha. Mu 1972 anapikisana pa pulogalamu ya pa TV yotchedwa Star Tanjō!, kampani ya Horipro n'kumutenga, ndipo nyimbo yake yoyamba inatuluka mu 1973 ali ndi zaka 14. Atsikana oimba otere kumeneko amati ma idol. Kampani ndiyo imawasankhira nyimbo, zovala, ndi koti akaonekere. Pofika 1980 anali atatulutsa ma single (timbale ta nyimbo imodzi kapena ziwiri) oposa 30, osawerengera mafilimu ndi masewero a pa TV. Ndiye poti anasiya msanga, uziwerenganso kuti utsikana wake wonse unathera pamaso pa makamera.

Mwamunayo ndi Miura Tomokazu, katswiri wa mafilimu. Anasewera limodzi mu Izu no Odoriko mu 1974, ndipo anthu anawakonda kwambiri moti ankangowaphatikizabe m'mafilimu otsatira. Mu Okutobala 1979 Momoe anaimirira pa siteji ku Osaka n'kuuza khamu, ndi pakamwa pake, kuti ali pa chibwenzi ndi Miura. Usachione chopepuka chimenechi. Kwa ma idol chibwenzi chimakhala mlandu: mu 2013 Minegishi Minami wa gulu la AKB48 anameta mpala n'kupepesa akulira pa YouTube, magazini ina itaulula kuti anagona kunyumba kwa mnyamata.

Mu Malichi 1980 awiriwa analengeza za ukwati, Momoe n'kunenanso kuti akusiya ntchito kuti asamale banja. Pa 5 Okutobala anachita shoo yake yomaliza mu holo yaikulu ya Nippon Budokan mu Tokyo, atavala diresi loyera. Atamaliza nyimbo yotsiriza anawerama, kuika maikolofoni pansi pa siteji, n'kutuluka. Ukwati unachitika pa 19 Novembala.

Za kuletsedwazo ine sindikuzigula. N'zoona kuti nthawi imeneyo akazi ambiri a ku Japan ankasiya ntchito akakwatiwa, ndipo mwambowo unamuzinga nayenso. Koma woletsedwa amabwerera mpata ukapezeka, ngati oimba athu ena amene amatsanzika chaka chino, chaka chamawa ali pa chikwangwani cha shoo. Uyu zaka zoposa 40 zadutsa osakweranso siteji, ali ndi Miura yemweyo. Amasoka nsalu zolumikiza zigamba, ndipo mu 2019 anatulutsa buku la ntchito zakezo. Ana ake aamuna awiri ndiwo analowa m'zisangalalo: Takahiro amasewera mafilimu, Yutaro amaimba, ndipo mu 2017 anatulutsa chimbale cha nyimbo za mayi ake.

Amalume